Amaritiri a ku Uganda ndi miphakati yathu

Zikomo a wapampando. Monire mose, amayi ndi abambo, ndi achinyamata muli kumbuyoko. Bambo mfumu apita kukadyetsa odwala, ndiye nthawi imene ikanakhala yawo andipatsa ine kuti ticheze, inu atsogoleri a miphakati. Amene mwakhala pafupi ndi khomo sunthirani kuno, mphepo ya Mzuzu mwezi wa Meyi ukamatha mukuidziwa.

Pa 3 Juni tili ndi chaka cha Amaritiri a ku Uganda. Ndiyambe ndi funso. Ndi angati muno amene mphakati wanu nkhoswe yake ndi Kizito, kapena Lwanga, kapena Amaritiri onse pamodzi? Imikani manja. Nanga amene muli ndi mwana kapena mdzukulu dzina lake Kizito? Mwaona, manja achuluka. Ngakhale malemu Ambuye Joseph Mukasa Zuza, amene anatsogolera dayosizi yathu ino kuyambira 1995 mpaka pamene ngozi ya galimoto inawatenga mu Januwale 2015, ankayenda ndi dzina la mmaritiri woyamba wa gulu limeneli. Mayinawa tili nawo m'nyumba zathu, pa nsalu za kwaya, m'mabuku a ubatizo. Koma ndikafunsa mwana amene akukonzekera ulimbitso kuti Kizito anali ndani, amangoti anali woyera, basi, n'kuyang'ana pansi. Mwanayo alibe mlandu. Ife akuluakulu ndife sitinamuuze.

Ndiye tiyeni tiuzane lero, kuti mukauze ena.

Ansembe a chipani cha White Fathers, omwewa amene anadzatsegula Mua mu 1902 ndipo pambuyo pake anadzayambitsa mpingo kuno kumpoto, anafika ku Buganda, ufumu wa m'dziko la Uganda, mu 1879. Woyamba anali Bambo Simeon Lourdel, amene anthu akumeneko ankawatchula kuti Mapeera. Anayamba kuphunzitsa pafupi ndi bwalo la mfumu Mutesa, ndipo ambiri mwa ophunzira awo anali anyamata otumikira kunyumba ya mfumu. Tsono tcherani khutu apa, chifukwa gawo ili ndi limene limadumphidwa nkhaniyi ikamakambidwa. Mu 1882 zinthu zinavuta, ansembe aja anachoka m'dzikomo n'kupita kutsidya la nyanja ya Victoria. Anabwerera mu 1885. Pafupifupi zaka zitatu popanda wansembe, popanda Misa, popanda wolapitsa.

Mukuganiza kuti atabwerera anapeza chiyani? Anapeza akhristu atachuluka kuposa mmene anawasiyira. Joseph Mukasa ankasonkhanitsa anyamata a kunyumba ya mfumu. Andrew Kaggwa, mkulu wa oimba ng'oma za mfumu, anasandutsa nyumba yake malo ophunzirira katekisimu. Ku Mityana kunali Matthias Mulumba, bambo wachikulire, wothandizira mfumu ya deralo pozenga milandu, pamodzi ndi Luke Banabakintu ndi Noe Mawaggali amene ankaumba mbiya. Anthuwa ankakumana m'nyumba, kuphunzitsana mapemphero pamtima, kuyendera odwala, kubatiza amene ali pafupi kufa. Pa amaritiri 22 aja panalibe wansembe ngakhale mmodzi. Onse anali akhristu eni ake, ngati inu ndi ine.

Zimenezi kwathu kuno timazitcha mphakati. Maepiskopi a mayiko a kum'mawa kwa Africa, a bungwe la AMECEA, atakumana ku Nairobi mu 1973 anagwirizana kuti moyo wa mpingo uzikhazikika pa timagulu ting'onoting'ono ta akhristu okhala moyandikana, ndipo malemu Ambuye Patrick Kalilombe a ku Lilongwe anali mmodzi mwa amene anaikankha kwambiri nkhaniyi. Koma anyamata a ku Buganda aja anali atayamba kale kukhala moyo umenewu zaka pafupifupi 90 m'mbuyomo, popanda wowalembera ndondomeko.

Ine ndimayendera miphakati, ku Chibavi, ku Mchengautuwa, ku Zolozolo, ndipo zimene ndimaona pofika zimandisangalatsa. Nsapato zamatope zaunjikana pakhonde. M'kati eni nyumba akankhira mipando kukhoma, pakati ayika katebulo, ayalapo chitenje cha Amayi Maria, mtanda, kandulo yoyimikidwa m'kapu, Baibulo lakutha chikuto ndi kambale ka chopereka. Ana akhala pansi pamkeka, agogo awapatsa mpando wabwino. Pamenepo palibe chosowa. Chimene chimandiwawa ndi chotsatira. Timawerenga Mthenga Wabwino mothamanga, awiri atatu ayankhulapo, kenaka msungichuma atulutsa kope, ndiye ola lonse latha tikukangana za mtulo, za ndalama ya chitukuko, za amene sanasonkhe ya maliro. Ndalama ndi yofunika, parishi siyenda popanda iyo, ndipo ine ndemwe ndimakukumbutsani za mtulo. Koma mayi amene mwamuna wake wachotsedwa ntchito akabwera kawiri n'kumva dzina lake likuwerengedwa pagulu la angongole, ulendo wachitatu simumuona. Mphakati wa Andrew Kaggwa unakonzekeretsa anthu kufera Khristu. Wathuwu ukukonzekeretsa anthu chiyani?

Tibwerere ku Buganda. Mutesa atamwalira mu 1884, ufumu unapita kwa mwana wake Mwanga, mnyamata wosakwana zaka 20. Iye ankaopa kuti azungu adzamulanda dziko, ndipo mu Okutobala 1885 analamula kuti aphe episkopi wa Anglican, James Hannington, amene ankalowa m'dzikomo kudzera kum'mawa. Joseph Mukasa anali kapitawo wa nyumba ya mfumu, munthu wokhulupirika amene anasamala Mutesa pa matenda ake. Anapita kwa Mwanga n'kumuuza maso ndi maso kuti walakwa kupha mlendo osamumva. Taonani, amene ankamuikira kumbuyoyo sanali Mkatolika mnzake. Pa 15 Novembala 1885 anamudula mutu n'kutentha thupi lake, koma asanafe anatumiza uthenga kwa mfumu kuti waikhululukira, ndipo ilape.

Ife a dayosizi ya Mzuzu zoterezi tinazionapo pafupi. Mu Malichi 1992 maepiskopi athu analemba kalata ija ya nyengo ya Lenti yodzudzula zimene zinkachitika m'dziko muno, ndipo inawerengedwa m'matchalitchi onse. Monsinyo John Roche, amene nthawi imeneyo ankayang'anira dayosizi ino, anathamangitsidwa m'dziko muno pasanathe miyezi iwiri. Achikulire muli pano mukukumbukira mantha a masiku amenewo, mmene munthu ankabisira kalatayo pansi pa matilesi. Achinyamata, afunseni akuuzeni.

Joseph Mukasa ataphedwa, udindo wosamala anyamata unagwera Charles Lwanga, wa zaka za m'ma 25. Pano ndiyankhula mwaulemu chifukwa pali ana, koma sindibisa. Mfumu inali ndi chizolowezi chochita zonyansa ndi anyamata oitumikira. Lwanga ankawateteza. Akamva kuti mfumu yaitana mwana wakuti, ankamutuma kutali kapena kumubisa, ndipo ankawaphunzitsa kuti ali ndi ufulu wokana. Amene ankamuyang'anira kwambiri anali Kizito, wamng'ono mwa onse, wa zaka pafupifupi 14. Akuluakulu anati mwana wa mnzako ndi wako yemwe. Lwanga anaika moyo wake pachiswe chifukwa cha ana a eni. Ndiye mphakati umene uli ndi dzina la Lwanga kapena Kizito, n'kumadziwa kuti m'nyumba yakutiyakuti mtsikana wantchito akugwiriridwa, kapena mwana wamasiye akuzunzidwa, koma onse chete poopa kudana ndi aneba, mphakati umenewo ukunyozetsa nkhoswe yake. Pitani kwa bambo mfumu, pitani kwa a chitetezo cha ana, pitani kupolisi. Ngakhale wochitayo akhale mkulu wa mpingo, musamubise.

Chakumapeto kwa Meyi 1886 mkwiyo wa Mwanga unasefukira. Anapha Denis Ssebuggwawo chifukwa chophunzitsa mnzake katekisimu. Usiku womwewo Lwanga, poona kuti kukacha zinthu ziipa, anatenga madzi n'kubatiza Kizito ndi anzake ochepa amene anali asanabatizidwe. M'mawa mfumu inasonkhanitsa anyamata onse n'kulamula kuti opemphera apatuke. Anapatuka okha, Lwanga atagwira dzanja la Kizito. Anawamanga n'kuwayendetsa wapansi mpaka ku Namugongo, ena anaphedwa m'njira. Kumeneko anakhala m'zingwe pafupifupi sabata yathunthu akuona anthu akuunjika nkhuni. Muganizire zimenezo, sabata yonse yoti munthu atha kusintha maganizo. Mmodzi mwa iwo, Mbaga Tuzinde, anali wa m'banja la mkulu wa akuphawo, ndipo abale ake anamuchonderera kuti angonena kuti wasiya kupemphera. Anakana. Pa 3 Juni anawakulunga aliyense m'bango, kuwagoneka pa mulu wa nkhuni n'kuyatsa. Lwanga anamuotcha payekha, pang'onopang'ono, kuyambira kumapazi. Womaliza pa gulu lonse, Jean-Marie Muzeyi, anaphedwa mu Januwale 1887.

Papa Benedict XV anawatcha odala mu 1920, ndipo Papa Paul VI anawalengeza kuti ndi oyera pa 18 Okutobala 1964, patangopita miyezi itatu dziko lathu litalandira ufulu. Pamwambowo Papa anatchulanso akhristu a Anglican amene anaphedwa pa chizunzo chomwecho, okwana 23, ena mwa iwo pamoto umodzimodzi wa ku Namugongo. Ichi tisachiiwale ife okhala mu Mzuzu, kumene pafupifupi banja lililonse lili ndi wa CCAP, wa Anglican, wa mipingo ina. Akupha aja sanafunse kuti iwe ndi wa mpingo uti.

Amayi, ndakuonani mukunong'onezana kuti pamndandandawu palibe mkazi. N'zoona. Koma tili ndi Josephine Bakhita wa ku Sudan, amene anagulitsidwa ukapolo ali mwana ndipo anatchedwa woyera mu 2000. Tili ndi Anuarite Wodala, sisitere wa ku Congo amene anaphedwa mu 1964 pokana msilikali. Amenewa tidzawapatsa tsiku lawo.

Tsopano funso limene mumakumana nalo kumsika ndi kuntchito: inu Akatolika bwanji mumapembedza anthu akufa ndi mafano? Musapse mtima, ndipo musathawe. Yankhani kuti timapembedza Mulungu yekha, Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera. Nsembe ya Misa sitiipereka kwa Kizito, ngakhale kwa Amayi Maria. Mvetserani litaniya bwinobwino: kwa Mulungu timati mutichitire chisoni, kwa oyera timati mutipempherere ife. Mwana wanu akagonekedwa ku chipatala cha Central mumaimbira foni a mphakati kuti akupempherereni, ndipo kalata ya Yakobo mutu 5 imatilamula kupemphererana. Nanga amene ali kale pamaso pa Mulungu alekerenji? Ambuye Yesu anati Mulungu si wa akufa koma wa amoyo, pa Marko 12. Buku la Chivumbulutso mutu 5 likuonetsa akuluakulu kumwamba atanyamula mbale za lubani, zomwe ndi mapemphero a anthu a Mulungu. Za zithunzi ndi ziboliboli, mpingo unagamula kalekale pa msonkhano wa ku Nicaea mu 787, kuti ulemu umene timapereka pa chithunzi umapita kwa mwini chithunzicho, ndipo kupembedza n'kwa Mulungu yekha.

Komabe anzathuwo nthawi zina amatinena chifukwa cha zimene amationa tikuchita. Munthu kumangirira mendulo m'chiuno mwa khanda ngati chithumwa, iye osapemphera n'komwe. Kolona kuikoloweka pagalasi la minibasi chaka chonse osaigwira. Mauthenga aja a pa WhatsApp oti tumiza novena iyi kwa anthu khumi, ukapanda kutero ukumana ndi tsoka. Zimenezo si chiphunzitso cha mpingo, ndipo akakutumizirani musapitirize. Woyera saopseza munthu. Kulemekeza woyera ndi kumudziwa, kumupempha kuti atipempherere, ndi kuyesa kuchita zimene iye anachita.

Ndiye pokonzekera pa 3 Juni tichite motere. Novena iyamba pa 25 Meyi, ndipo ichitikire m'miphakati, m'nyumba, osati kuno kutchalitchi. Tsiku lililonse musankhe mmaritiri mmodzi kapena awiri, wachinyamata awerenge mbiri yake, mapepala muwapeza kwa alembi a parishi. Masiku asanu ndi anayi amenewo kope la msungichuma litsale kunyumba. Muyambire nyumba za amene anasiya kubwera, ndipo wapampando apiteko yekha dzulo lake kukapempha, asatume mwana. Miphakati imene nkhoswe zanu ndi oyera ena, Monica, Augustine, Theresa, Peter, musati izi sizikukukhudzani. Novena muchita nafe, ndipo pamsonkhano wa mwezi wamawa mphakati uliwonse udzatiuza mbiri ya nkhoswe yake ndi tsiku la chaka chake. A kwaya ndi aphunzitsi a Tilitonse mutsalire pang'ono tikatseka, tigawane za sewero la ana. A wapampando, ndabweza kwa inu, ngati pali mafunso ndiyankha.