Rampu Yomwe Munthu Sangakwere Yekha: Zomwe Lamulo Limafuna pa Nyumba ndi Malo Othandizira Anthu

[Pa sikirini: khonde la ofesi, masitepe anayi, pambali pake karampu kakafupi kotsetsereka kwambiri]

Taonani khonde ili. Masitepe ndi anayi, ndipo pambali pake awaka kamtsetse ka simenti. Mukamufunsa mwini nyumba ayankha monyadira kuti za anthu aulumali anaziganizira kale, rampu ndi imeneyo. Koma munthu wa pa njinga ya olumala akafika apa sangakwere yekha, mpaka anyamata awiri amukankhe. Potsika ndiye zoopsa, njinga imathamanga yokha mpaka pa msewu. Lero tikambirana zomwe malamulo amafuna, komanso chifukwa chake rampu ngati iyi siikwanira.

Tiyambe ndi malamulowo mwachidule. Mu 2006 bungwe la United Nations linakhazikitsa pangano la ufulu wa anthu aulumali, ndipo dziko la Malawi linalivomereza mu 2009. Gawo 9 la panganoli limalamula maiko kuchotsa zotchinga pa nyumba, misewu, zoyendera, sukulu, zipatala, malo antchito ngakhalenso pa uthenga womwe umapita kwa anthu. Kuno kwathu gawo 20 la malamulo aakulu a dziko limaletsa kusala munthu chifukwa cha ulumali. Tinali ndi lamulo la 1971 lomwe linabweretsa MACOHA, bungwe la boma loona za anthu aulumali, kenako Disability Act ya 2012, ndipo mu 2024 kunabwera Persons with Disabilities Act yomwe inalowa m'malo mwa awiriwo, MACOHA n'kusanduka MACODA. Anthu okhudzidwa ndi ambiri: kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu a zaka zisanu kupita m'tsogolo, oposa 10 pa 100 alionse ali ndi ulumali wa mtundu wina.

Tsopano lamulo likamati nyumba ikhale yofikirika, womanga amafuna manambala. Manambala odziwika kwambiri ndi ochokera ku America, kumene lamulo loteteza ufulu wa anthu aulumali lotchedwa ADA linasainidwa pa 26 July 1990 ndi Pulezidenti George H. W. Bush. Miyezi ingapo m'mbuyo mwake, mu March chaka chomwecho, anthu aulumali anasiya njinga ndi ndodo zawo pansi n'kukwawa pa masitepe a nyumba ya malamulo ku Washington kuti aphungu aone ndi maso awo chomwe masitepe amachita. Miyezo yawo ndi ya ku America komweko, koma thupi la munthu ndi njinga n'zofanana kulikonse, n'chifukwa chake tiigwiritsa ntchito ngati chitsanzo.

[Pa sikirini: 1 pa 12]

Muyezo waukulu ndi uwu: rampu ikakwera sentimita imodzi, italike masentimita 12. Tiwerengere khonde lija. Sitepe iliyonse titi ndi masentimita 15, masitepe anayi ndi masentimita 60. Chulukitsani ndi 12, mupeza masentimita 720, kutanthauza mamita asanu ndi awiri n'kanthu. Rampu yoyenera pa khonde limeneli ndi yaitali kuposa galimoto. Zomwe timaona m'matauni mwathu ndi mamita awiri, mwina osakwana.

Chifukwa chake chili m'mapewa. Amene akuyendetsa njinga akukankha thupi lake lonse pamodzi ndi njingayo ndi manja awiri okha, ndipo nthawi iliyonse akasiya gudumu kuti aligwirenso, njinga imafuna kubwerera. Mtsetse ukakula, timawilo takutsogolo timanyamuka, munthu n'kugwa chagada, nkhongo pa simenti. N'chifukwa chake miyezo yomweyi imanenanso kuti rampu isakwere kuposa masentimita 76 popanda malo athyathyathya opumirapo, a mita imodzi ndi theka. Pamwamba penipeni pakhalenso malo oterowo. Izi amisiri ambiri amaziiwala: rampu imakathera pa chitseko penipeni, chitsekocho n'chotsegukira kunja, ndiye munthu asiye mawilo, akoke chitseko, ali pa mtsetse. Atani? Rampu yokwera kuposa masentimita 15 imafunanso zitsulo zogwirira mbali zonse ziwiri, zomwe zimathandiza agogo, mayi woyembekezera ndi wodwala wa ndodo. Ndipo chonde, eni nyumba, musamaike matailosi oterera pa rampu. Amakongola ndithu, koma mvula ikagwa ndi msampha.

Ndikudziwa kuti wina akuti mtengo wa simenti sukugwirika. N'zoona. Koma njira yotchipa kwambiri ndi kuganiza pulani isanajambulidwe, khomo lalikulu likhale pamene nthaka yakwera, masitepe achepe. Chomwe chimadula ndi kugumula khonde lomanga kale.

Munthu walowa. Chitseko chikatseguka pakhale mpata wosachepera masentimita 81, apo ayi njinga ikakamira pa felemu. Chogwirira chitseko chikhale chomwe mungachitsitse ndi chigongono, chifukwa zozungulira zija munthu wofooka zala sangazipotokole. Kauntala ikhale ndi mbali ina yotsika, yosapitirira masentimita 91, kuti wokhala pansi aone nkhope ya womuthandiza ndi kusaina yekha fomu yake. Ndipo chimbudzi. Njinga imafuna bwalo la mita imodzi ndi theka kuti itembenuke, pakhoma pakhale zitsulo zogwirira. M'malo ambiri chimbudzi chotere chilipo ndithu, koma anachisandutsa mosungira mabaketi ndi zokolopera, kiyi ali ndi munthu yemwe wapita ku nkhomaliro. Mwana wasukulu amene sangalowe m'chimbudzi amasiya kumwa madzi m'mawa, ena amangosiya sukuluyo.

[Pa sikirini: ndodo yoyera ikufufuza m'mphepete mwa ngalande]

Ulumali suthera pa njinga. Kwa munthu wosaona, vuto lalikulu ndi ngalande yosavindikira, zenera lotsegukira m'njira ndi chikwangwani chopachika pa msinkhu wa mutu, pomwe ndodo yoyera singachipeze. Ku Japan, Seiichi Miyake anapanga matailosi a timabampu omwe phazi ndi ndodo zimamva, ndipo anayamba kuikidwa mu mzinda wa Okayama mu 1967. Lero mumawapeza m'masiteshoni a sitima m'maiko ambiri. Zikwangwani za m'nyumba zimafunika zilembo zikuluzikulu zooneka bwino, zomwe zimathandizanso anzathu achialubino omwe ambiri amavutika kuona, kuonjezerapo Braille, zilembo zomwe osaona amawerenga ndi zala, pa zitseko ndi mabatani a chikepe.

Kwa munthu wosamva, nyumba ikhoza kukhala yabwino koma thandizo osalipeza. Ku chipatala akuitana maina pakamwa, iye wakhala pa benchi kuyambira m'mawa, dzina lake linadutsa kalekale. Akalowa kwa dokotala, womasulira chinenero chamanja palibe, ndiye amamasulira ndi mwana wake kapena mlamu wake. Matenda ena munthu sangawanene pamaso pa mwana wake. Chinsinsi chomwe wina aliyense ali nacho kwa dokotala, iye amalandidwa.

Apa m'pamene pali mfundo yomwe eni mabizinesi ndi akuluakulu a maofesi ayenera kuimvetsa. Pangano lija limanena kuti kukana kusintha zinthu moyenera kuti munthu waulumali athandizidwe, pomwe kusinthako sikukupwetekani mopitirira muyeso, ndiko kusala kumene. Ofesi yanu ili pamwamba, chikepe palibe? Tsikani, mumuthandizire m'chipinda chapansi. Kalasi ya mwana wa pa njinga isamukire pansi. Wosaona muwerengereni fomu kapena mutumizireni pa foni yomwe imamuwerengera. Kumunyamula munthu wamkulu m'manja pa masitepe, anthu akuonerera, sitingakuwerengere ngati thandizo. Ku America anasiyanitsa bwino: nyumba yatsopano itsate miyezo yonse, pomwe yakale ichotse zotchinga zomwe zingachotsedwe popanda vuto lalikulu kapena ndalama zambiri. Ine ndimaona kuti kwathu kuno nkhani yagona ku makhonsolo omwe amavomereza mapulani. Pulani yopanda rampu yoyenera ikadindidwa, tatsekera anthu kunja kwa zaka makumi angapo.

Mukakumana ndi malo otere, yambani ndi kalata kwa woyang'anira malowo, ndipo musunge kope yake. Lembani tsiku, thandizo lomwe munalephera kulipeza, kutalika kwa khonde ndi kwa rampu mutayeza ndi tepi, muikepo ndi zithunzi. Akapanda kuyankha, kalata yomweyo ipite ku MACODA, ku Malawi Human Rights Commission, kapena ku mabungwe a anthu aulumali monga FEDOMA, Malawi Union of the Blind ndi MANAD ya anthu osamva.