Kochi akaona msana wa njira m'tauni ya hockey

Moni nonse, abale ndi alongo, inu a kumudzi ndi inu amene tili limodzi kunja kuno. Kuno ku Ontario chisanu chafikapo, dzuwa likulowa 5 koloko isanakwane, ndipo nyengo ngati ino ndi imene matimu a hockey, masewera a ndodo osewerera pa ayezi, amakonda kuchotsa makochi. Inu amene mwangofika kumene, Lolemba lina m'mawa mudzapeza anzanu a kuntchito ataunjikana pomwera khofi, mawu ali m'mwamba, wina nkhope ili psuu. Mukatchera khutu mudzamva kuti sakukangana za malipiro ayi, akukangana za kochi wa anyamata a zaka 17. Lero tiyeni tiumvetse mkangano umenewu, chifukwa uli ndi mutu wake.

Tiyambe ndi mmene zinthu zimayendera. Hockey imene amaitcha junior, pa mlingo wake wapamwamba, ili pansi pa Canadian Hockey League (CHL), ndipo m'menemo muli maligi atatu: WHL kumadzulo, QMJHL ku Quebec ndi zigawo za kunyanja ya Atlantic, ndi OHL kuno ku Ontario. OHL ili ndi matimu 20, ndipo atatu mwa iwo ali ku America: Flint ndi Saginaw ku Michigan, ndi Erie ku Pennsylvania. Timu iliyonse imasewera magemu 68 kuyambira kumapeto kwa Sepitembala mpaka Malichi. Osewera ndi a zaka 16 mpaka 20, ndipo a zaka 20 saloledwa kupitirira atatu pa timu imodzi. Mnyamata amasankhidwa akadali kusekondale, n'kuchoka pakhomo pa makolo ake kupita tauni ina, mwina mtunda wa makilomita 500 kapena kuposa, kukakhala m'banja limene lavomera kumusunga. Mabanja amenewa amawatcha ma billet. Amamuphikira, amamuchapira, amamudikira usiku akamachokera ku gemu. Ndiye m'matauni ngati Owen Sound, Sudbury kapena Sault Ste. Marie, anyamatawa si alendo. Anthu amakumana nawo kusitolo, ana awo amaphunzira nawo kalasi imodzi.

Chimene kochi wagwira m'manja mwake ndi mphindi. Gemu ili ndi zigawo zitatu za mphindi 20, timu imaveka osewera 20, koma pa ayezi pamakhala asanu okha ndi goloboyi. Akutsogolo amagawidwa m'magulu anayi a anthu atatuatatu, otchinga kumbuyo m'magulu atatu a anthu awiriawiri, ndipo gulu likalowa limathamanga masekondi 40 kapena 45 basi, n'kutuluka. Mukadzapita kukaonera, yesani kusiya kaye puck, kampira kaphwatalala kamene amamenya ndi ndodo, muyang'ane kubenchi. Mudzaona kochi ataima kumbuyo kwa anyamata, kapepala kopinda m'dzanja, akuwerama n'kugogoda mapewa a atatu. Iwo amadzuka, mwendo umodzi pamwamba pa khoma, kudikira mnzawo afike pafupi, kenako n'kulumphira mkati. Kumapeto kwa benchi kumakhala mnyamata wina amene sanagogodedwe kuyambira chigawo chachiwiri. Wakhala chete, chibwano pa ndodo yake, thukuta lauma kale. Wa gulu loyamba amatha kusewera mphindi 20 pa gemu, wa gulu lachinayi mwina 7 kapena 8. Palinso wina amene sanavale n'komwe yunifolomu ngakhale ali bwinobwino, wakhala pamwamba pa oonerera atavala suti.

Mphindizo ndiye tsogolo la mwana. Matimu a NHL, ligi yaikulu ya akatswiri ku Canada ndi America, amasankha osewera mu Juni, makamaka a zaka 18, ndipo ofufuza luso amakhala m'makona a bwalo ndi timabuku tawo nyengo yonse ya chisanu. Mnyamata amene salowa timu yake ikakhala ndi munthu mmodzi wochulukira chifukwa wa timu inayo walangidwa, nthawi imene amati power play, zigoli zake zimachepa, ndipo dzina lake limatsika pa mndandanda. N'chifukwa chake kusintha kochi kuno kumakhudza anthu kufika pamtima. Kochi watsopano amabwera ndi maso ake, ndipo amene anali woyamba akhoza kupezeka wachitatu sabata yomweyo.

Nkhani imene aliyense wotsatira ligiyi amaikumbukira ndi ya Flint Firebirds. Timuyi inali itangosamukira ku Flint mu 2015, poyamba inali Plymouth Whalers. Pa 8 Novembala chaka chimenecho, Firebirds inachokera kumbuyo n'kugonjetsa Oshawa Generals 4-3 pa mapenate. Oshawa ndiyo inali itatenga Memorial Cup, chikho chachikulu cha CHL yonse, miyezi yochepa m'mbuyomo, ndiye kunali kupambana kwa mtengo wapatali. Gemu itangotha, mwini timu, Rolf Nilsen, anachotsa kochi wamkulu John Gruden pamodzi ndi womuthandiza Dave Karpa. Atolankhani ambiri analemba kuti gwero la nkhani linali mphindi za mwana wa mwini timuyo, amene ankasewera kumbuyo m'timu yomweyo. Anyamata atamva, anakwera onse ku ofesi, n'kuvula majezi awo, n'kuwasiya pomwepo. Mwana wa mwini timu anali nawo m'gulumo. Kutacha, nkhani inali itafala Canada yonse ndi America, Nilsen anavomera kuti analakwitsa, ndipo makochi aja anabwezeredwa pa ntchito ndi makontirakiti a zaka zitatu.

Apa masapota sanagawikane monga amachitira nthawi zonse. Pafupifupi onse anaima ndi anyamata, ngakhale a matimu amene amadana ndi Flint pabwalo. Chifukwa chake n'chosavuta: kochi akachotsedwa timu ikugonja, pali poti n'kukambirana, koma akachotsedwa chifukwa cha mphindi za mwana wa bwana, ndiye kuti ana ena onse makumi awiri ndi mphambu aja auzidwa kuti thukuta lawo lilibe ntchito. Ndipo taganizani zimene anaika pachiswe ana amenewo: sukulu imene ligi imalipirira munthu akamaliza kusewera, mwayi wa NHL, dzina lawo pamaso pa matimu ena.

Mtendere sunakhalitse. Mu Febuluwale 2016 Nilsen anamuchotsanso Gruden. Ulendo uno mkulu wa ligi wa nthawiyo, David Branch, analowererapo tsiku lotsatira, anaimitsa mwini timu, ndipo ligi inatenga chiwongolero. Mu Epulo chigamulo chinatuluka: Nilsen aime zaka zisanu, alipire chindapusa cha madola 250,000, ndipo timu ilandidwe mwayi wake wosankha wosewera m'ndime yoyamba chaka chimenecho, umene unali wa nambala 3 m'ligi yonse. Chilango chomalizachi ndi chimene chinawawa masapota a Flint, chifukwa olakwa anali wina koma olipira anali iwo, amene ankadikira mnyamata waluso wa zaka 16 kuti adzawatonthoze. Gruden anapita ku Hamilton Bulldogs, ndipo mu 2018 anatenga nawo chikho cha OHL.

Koma nkhani ya Flint si ya tsiku ndi tsiku. Nthawi zambiri kochi amachotsedwa chifukwa chodziwika, timu yagonja magemu asanu ndi awiri mwa khumi, ndipo tauni imagawikana. Amene amayamba kulankhula ndi aja ankakuwa kale m'bwalo kuti achoke. Kwa iwo vuto latha, ndipo timu ikapambana magemu awiri otsatira amati mwaona. Amene amalankhula mochedwa, ndipo motsitsa mawu, ndi a matikiti a sizoni yonse, ena akhala pampando womwewo zaka 30. Iwowa samafunsa kuti kochi anali wabwino kapena woipa. Amafunsa kuti amene anasonkhanitsa osewerawa ndani. Funso limenelo limaloza kwa manejala wamkulu, amene amasankha ndi kusinthanitsa osewera, ndipo kawirikawiri ndi yemweyo amene wachotsa kochi. Ine ndimaona kuti achikulirewa ndi amene amalasa penipeni.

Taonani chifukwa chake. Mu junior palibe timu imene imakhala ndi osewera omwewo kwa nthawi yaitali, popeza aliyense akapitirira zaka 20 watha. Timu ikaona kuti chaka chino chikho chili pafupi, imagula akatswiri kwa matimu ofooka tsiku lotsekera msika lisanafike, limene mu OHL limakhala cha pa 10 Januwale, ndipo imalipira ndi mwayi wake wosankha ana m'zaka zikubwerazo. Akatswiriwo akachoka, nkhokwe imakhala yopanda kanthu kwa zaka ziwiri kapena zitatu. Kochi amene walandira timu ya ana a zaka 16 ndi 17 okhaokha sangapikisane ndi ya anyamata a zaka 19, chifukwa pa msinkhu umenewo zaka ziwiri ndi makilogalamu khumi a minofu. Onjezeranipo Disembala, pamene osewera abwino kwambiri amatengedwa kukaimira mayiko awo ku mpikisano wa dziko lonse wa osapitirira zaka 20, umene umayamba pa 26 Disembala n'kutha kumayambiriro kwa Januwale. Timu imatha kusewera pafupifupi mwezi wathunthu popanda womwetsa zigoli wake. Wina wongoona zotsatira amati kochi walephera.

Ndiye odziwa amayang'ana chiyani? Choyamba ndi goloboyi. Ngati akugwira zochepera 90 pa ma shoti 100 aliwonse kwa miyezi iwiri, palibe kochi angaoneke wanzeru, ndipo watsopanoyo adzavutika chimodzimodzi. Kenako amaphatikiza manambala awiri: mmene timu imagoletsera ikakhala ndi munthu wochulukira, ndi mmene imadzitetezera ikaperewera munthu. Timu yapakatikati imakhala cha pa 20 peresenti koyambako ndi cha pa 80 kwachiwiriko, ndiye ukaphatikiza ziyenera kufika pafupi ndi 100. Zikatsikira ku 90, pamenepo dandaulo la masapota lili ndi maziko, chifukwa mbali zimenezi ndi zophunzitsidwa pa bolodi ndi pa vidiyo, si za mphatso yobadwa nayo yokha. Amayang'ananso milandu yopanda pake, monga kupezeka anthu ochuluka pa ayezi posinthana, imene imapatsa timu mphindi ziwiri zoperewera munthu. Imeneyo ndi mlandu wa benchi. Koma chizindikiro chachikulu ndi ana kupempha kusamutsidwa. Mnyamata mmodzi akapita kwawo kukadikira kuti amugulitse, ndi nkhani yake. Akakhala atatu m'mwezi umodzi, m'chipinda chovalira muli moto, ndipo amayi a ma billet amakhala atadziwa kale nyuzipepala isanalembe, chifukwa mwana amabwera kunyumba osadya.

Za kupambana kumene kumabwera kochi akangosinthidwa, musathamangire kuombera m'manja. Timu imachotsa kochi ikakhala pansi penipeni, ndiye ngakhale pasasinthe kanthu, zinthu zimayenera kukwerako pang'ono. Komanso ana onse amadziwa kuti magulu akulembedwa mwatsopano, ndiye amathamanga ngati sabata yoyamba ya sizoni. Dikirani magemu 15, muone ngati ma shoti olowera kwa goloboyi wawo achepa.

Nthawi zina zimathekadi. Kitchener Rangers, timu imene eni ake ndi anthu a m'tauni momwemo osati munthu mmodzi, inachotsa Chris Dennis mu Febuluwale 2023, ndipo manejala wamkulu Mike McKenzie anatsikira yekha kubenchi. Analowa m'ndime ya chipulula ali nambala 8 kuchigawo chakumadzulo, n'kutulutsa Windsor Spitfires, imene inali nambala 1, magemu anayi osayankha. M'ndime yachiwiri London Knights inawatulutsa. Mpaka lero mungapeze anthu awiri a ku Kitchener, wina akuti kusinthako kunapulumutsa sizoni, wina akuti timuyo inali ndi osewera abwino kuyambira kale ndipo inangochedwa kudzuka. Ndipo London yomweyo ndi imene ena amaitchula akafuna kutsutsa zosinthasintha: Dale Hunter wakhala kochi kumeneko kuyambira 2001, kupatula miyezi imene anapita ku Washington Capitals mu sizoni ya 2011-12, ndipo atenga Memorial Cup mu 2005, 2016 ndi 2025. Kungoti Hunter ndi mmodzi mwa eni timuyo, ndiye mpando wake sufanana ndi wa anzake.

Pali chinanso chimene chasintha mkanganowu posachedwapa. Kale mnyamata akasewera mu CHL ankataya mwayi wosewera m'mayunivesite akuluakulu a ku America, pansi pa NCAA, bungwe loyendetsa masewera a m'mayunivesite kumeneko. Lamulolo linasinthidwa mu Novembala 2024, ndipo kuyambira Ogasiti 2025 khomo ndi lotsegula. Katswiri wachinyamata Gavin McKenna anachoka ku Medicine Hat Tigers ya mu WHL kupita ku yunivesite ya Penn State chaka chomwecho. Tsopano mnyamata wa zaka 18 amene sakumvana ndi kochi watsopano ali ndi kolowera, ndipo masapota akamva dzina la kochi, funso loyamba ndi lakuti kodi akatswiri athu atsala.

Kwa inu amene mukufuna kukaonera, tikiti m'matauni ambiri ili pakati pa madola 20 ndi 40. Valani jekete ngakhale muli m'nyumba, chifukwa mipando ya pafupi ndi ayezi imazizira, ndipo musadzuke kapena kubwerera pampando masewera ali mkati, dikirani wezulo ilire. Kukuwiza kochi kapena oyimbira anthu amachita, koma dzina la mwana musalitchule monyoza. Mayi wakhala pambali panuyo, wavala jezi ya nambala yomweyo, akhoza kukhala amene anamuphikira chakudya chamasana lero. Kuntchito akakufunsani maganizo anu pa kochi watsopano, afunseni kuti mnyamata wa zaka 16 amene timu inamusankha koyamba chaka chino akusewera m'gulu lachingati, ndipo nthawi ya power play akulowa kapena ayi. Adzakusunthirani mpando.

Zikomo pomvetsera, abale anga. Moni kwa onse kumudzi, tikumanenso sabata yamawa.