Thumba la mu Juni, nsima ya mu Febuluwale: mipingo ikasonkha chimanga pamodzi

[Chithunzi: ngolo ya ng'ombe ikutsitsa matumba pakhomo pa tchalitchi]

Moni nonse amene mukutionera. Lero tikamba za ntchito imene mipingo ya m'dera limodzi ingagwire mogwirizana chaka ndi chaka: kusonkha chimanga nthawi yokolola, n'kudzagawira osowa njala ikafika pachimake. A CCAP, Akatolika, a Anglican, a Sabata, a Assemblies, ngakhalenso abale athu a kumzikiti. Kusonkhako sikuvuta, anthu amapereka. Zimasokonekera pawiri: miyezi 7 kapena 8 imene thumba limakhala mosungira, ndi tsiku lolemba mayina a olandira.

Tiyambe ndi nthawi. Msonkhano woyamba uchitike mu Malichi kapena Epulo, chimanga chikadali m'munda. Mukadikira mpaka Ogasiti, mavenda adutsa kale ndi masikelo awo, ndipo nkhokwe zapepuka. Tsiku la msonkhano likhale Lachiwiri kapena Lachitatu. Lachisanu Asilamu ali ku Juma, Loweruka a Sabata akupembedza, Lamulungu ndiye osanena. Zimaoneka zazing'ono, koma mpingo umene sunapezeke pa msonkhano woyamba umadziona ngati mlendo mpaka ntchito kutha.

Chinanso, mipingo yambiri ili ndi masika ake, ndipo ndiwo amayendetsa mpingo. Musapikisane nawo. Funsani tsiku la masika a mpingo uliwonse, chosonkha cha onse chibwere patapita masabata awiri kapena atatu. Mukatero abusa ndi abambo mfumu adzalengeza paguwa ndi mtima umodzi.

[Chithunzi: anthu atakhala pamabenchi pansi pa mtengo wa mango]

Komiti. Mpingo uliwonse utumize anthu awiri, mmodzi akhale mayi. Amayi a Mvano kapena a Chigwirizano, a Dorika, atsogoleri a miphakati, amenewa ndiwo amadziwa khomo limene sikufuka utsi madzulo. Wapampando, mlembi ndi msungichuma achokere m'mipingo itatu yosiyana, ndipo mipando izisinthana chaka chilichonse. Atsogoleri a mipingo akhale alangizi, asagwire makiyi. Si kuwakayikira ayi. Kungoti munthu akalira pakhomo pa abusa usiku, abusa sangakane, ndipo buku limayamba kusiyana ndi matumba.

Ndalama zidzabweranso, makamaka kwa ogwira ntchito m'tauni ndi ana athu a ku Joni. Zisalowe mu Airtel Money kapena Mpamba ya munthu. Tsegulani akaunti ya gulu ya osayinira atatu, awiri azisayina potapa.

[Chithunzi: sikelo yopachika pamtengo, mnyamata akulemba m'buku]

Tsiku lolandira, chilichonse chikwere pasikelo. Ndowa zimasiyana kukula, ndipo "ndowa yodzadza" ya uyu ndi yophwa kwa uja. Lembani dzina, mpingo, makilogalamu, wopereka alandire lisiti. Thirani m'matumba a makilogalamu 50, lililonse lilembedwe nambala.

Tsono apa mvetserani bwino, chifukwa chimanga chambiri chimawonongekera pano. Chochokera m'makomo 200 sichiuma mofanana. Thumba limodzi lachinyezi limatentha, limachita chuku, n'kuwononga anzake. Chuku si nkhani ya fungo chabe, ndi poizoni wowononga chiwindi, ndipo kuphika sikumuthetsa. Kuyesa ngati chimanga chauma n'kosavuta. Tengani botolo lagalasi louma, thiranimo chimanga chodzadza dzanja ndi sipuni ziwiri za mchere wouma, tsekani, khutchumulani kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, lisiyeni kanthawi. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimangacho chibwerere padzuwa. Yanikani pa lona kapena pamphasa, osati padothi. Kenako chipetedwe, zowola ndi zofumbwa zichotsedwe.

Chikauma, njira ndi ziwiri. Yoyamba ndi mankhwala a ufa monga Actellic, ogula kusitolo yodziwika ya zaulimi, muyezo wake monga walembedwera pabotolo. Sakanizirani pa lona ndi fosholo mpaka ufa ufike paliponse. Kungowaza pakamwa pa thumba n'kudzinamiza, anankafumbwe amadya pansi. Yachiwiri ndi matumba a PICS, aja a mapulasitiki awiri m'kati ndi saka kunja. Safuna mankhwala, tizilombo timafa posowa mpweya. Koma pulasitiki iliyonse imangidwe payokha mutafinya mpweya, ndipo kabowo kamodzi ka khoswe kathetsa zonse. Kwa ife, ngati ndalama ilipo, a PICS ndiwo abwino, chifukwa chakudyachi chikupita kwa ana ndi odwala.

Mosungiramo mukhale mwa malata osadontha. Matumba akhale pamitengo kapena pamathabwa, asagunde pansi, asatsamire khoma, pakhale mpata woti munthu adutse kuzungulira. Pachitseko maloko awiri, makiyi kwa anthu a mipingo iwiri. Kamodzi pamwezi komiti ilowe, iwerenge matumba, isayine.

[Chithunzi: agogo atakhala pakhonde, mdzukulu pambali]

Mayina. Apa ndi pamene ubale wa mipingo umayesedwa. Mukangonena kuti mpingo uliwonse ubweretse anthu ake 10, mwalakwitsa kale. Mpingo waukulu udzati ife tinasonkha zambiri, ndipo agogo amene sapita kutchalitchi kulikonse adzatsala. Gwirizanani zoyenereza musanatchule dzina la munthu: okalamba opanda owasamala, mabanja oyendetsedwa ndi ana, odwala matenda a mgonagona, aulumali amene sangathe kupita kuganyu. Mayina abwere mudzi ndi mudzi, pamaso pa amfumu ndi a komiti ya chitukuko cha m'mudzi (VDC). Kenako anthu awiri a mipingo yosiyana akafike pakhomo lililonse kukaona. Funsaninso amene ali kale pa mndandanda wa chimanga cha boma kapena pa Mtukula Pakhomo, kuti thandizo lisaunjikane khomo limodzi.

Masamu ake ndi awa. Banja limodzi, thumba limodzi pamwezi, Januwale, Febuluwale ndi Malichi. Ngati muli ndi matumba 120, ndiye mabanja 40. Mtima udzafuna kulemba 120 kuti aliyense alaweko, koma thumba limodzi likatha mu Januwale, Febuluwale adzawapeza chimodzimodzi. Ndipo perekani mwezi ndi mwezi. Mukapereka matumba atatu pakamodzi, ena amagulitsa, ena achibale amawalanda.

Kumidzi ya kutsidya kwa mtsinje, matumba asamukiretu mu Novembala mvula isanadule msewu.

Pali china chimene ambiri amaiwala: chigayo. Agogo alandira thumba, koma alibe ya chigayo, ndiye amatapa ndowa imodzi kukagulitsa. Pa ndalama zija patulani ya chigayo, paketi ya mchere, sopo, ndi nyemba makilogalamu angapo ngati zilipo. Zovala landirani zochapa ndi zosang'ambika zokha. Ena amaona ngati mpata wotayira sanza.

Tsiku logawa lisakhale msonkhano wa zolankhula. Pemphero limodzi, wolandira asayine kapena adinde chala, azipita. Osayenda apititsiridwe panjinga. Wandale akafuna kuthandiza, alembedwe m'buku ngati wina aliyense, koma nsalu za chipani zitsale kunyumba. Zojambula okalamba atasenza thumba n'kuponya pa Facebook, pemphani kaye, akakana musajambule.

Mu Epulo mlembi alembe lipoti la tsamba limodzi: makilogalamu olowa, otuluka, owonongeka, ndalama yotsala. Liwerengedwe sabata imodzi m'mipingo yonse ndi kumzikiti, lina limatidwe pachitseko cha mosungira. Matumba a PICS apukutidwe, muwaunike padzuwa kuona mabowo, abwinowo apindidwe n'kupachikidwa pamene makoswe safika, poti Juni ali pafupi.