Albert Camus: mtolankhani yemwe mphoto ya Nobel inamupeza atatseka pakamwa

Takulandirani nonse. Lero tili ku France ndi ku Algeria, ndipo munthu wathu ndi Albert Camus. Ambiri amamudziwa ngati wolemba mabuku yemwe analandira mphoto ya Nobel mu 1957. Ine ndikufuna tiyambe tamuona ngati mtolankhani, chifukwa kunyuzipepala n'komwe anaphunzira kupenya ndi kulemba, komanso n'komwe anakumana ndi funso lomwe linamusautsa mpaka tsiku lakufa.

[Pa sikirini: mapu a Algeria]

Camus anabadwa pa 7 Novembala 1913 ku Mondovi, m'dziko la Algeria, lomwe nthawi imeneyo linali m'manja mwa atsamunda a ku France. Anali mzungu, koma wa m'banja losauka. Bambo ake anafera kunkhondo mu 1914 iye ali khanda. Mayi ake sankadziwa kuwerenga, ankamva movutikira, ndipo ankagwira ntchito m'nyumba za anthu ku Belcourt, mumzinda wa Algiers. Mphunzitsi wake wa kupulayimale, Louis Germain, ndiye anachonderera akubanja kuti mwanayo apitirize sukulu. Ankakonda mpira, anali goloboyi, mpaka chifuwa chachikulu chinamugwira ali ndi zaka 17.

Mu 1938 analembedwa ntchito ku nyuzipepala ya Alger Républicain, yomwe ankayendetsa Pascal Pia. Apa tikhalitsepo pang'ono. Mu 1939 anapita kudera lamapiri la Kabylie, komwe kunali njala yadzaoneni, n'kulemba nkhani zotsatizana masiku angapo. Sanalembe zongomva. Anayenda m'midzi, anafunsa malipiro, anawerengera chakudya. Analemba kuti munthu ankagwira ntchito maola 10 mpaka 12 patsiku n'kulandira mafaranka 6 mpaka 10. Analemba za ana a ku Tizi-Ouzou omwe anawaona akulimbirana ndi agalu zotsala za m'bini, ndiponso za ana ena omwe anamwalira atadya mizu yapoizoni. Anali mnyamata wa zaka 25, akuuza boma la atsamunda pamaso kuti umphawi umenewu si ngozi ayi, wachita kupangidwa ndi ulamuliro wawo. Kwa ine, Camus weniweni anabadwira pa ulendo umenewo. Boma silinakondwe. Pofika Januwale 1940 linatseka nyuzipepala ina yomwe ankailembera, Le Soir républicain, ndipo atasowa ntchito ku Algiers analowera ku Paris.

[Pa sikirini: tsamba loyamba la nyuzipepala ya Combat]

Mu 1942 kampani ya Gallimard inasindikiza buku lake lotchedwa L'Étranger, nkhani ya Meursault, mwamuna yemwe sanalire pa maliro a mayi ake, kenako n'kuwombera Mwarabu m'mbali mwa nyanja. Ziganizo zake n'zazifupi, zopanda zokometsera, ndipo bukuli silinatenge mphoto ya Goncourt, yomwe ndi yaikulu kwambiri kwa olemba nkhani zopeka ku France. Camus sanailandirepo mphoto imeneyi moyo wake wonse.

Nthawi imeneyo asilikali a Germany anali atalanda France. Camus analowa m'gulu lolimbana nawo mobisa ndipo anakhala mkonzi wa nyuzipepala ya Combat, yomwe munthu akagwidwa nayo ankatha kuphedwa. Paris atamasulidwa mu Ogasiti 1944, Combat inayamba kugulitsidwa poyera, ndipo ndemanga za Camus zinkawerengedwa m'dziko lonselo. Pa 8 Ogasiti 1945, patangopita masiku awiri bomba la atomiki litaphulitsidwa ku Hiroshima, nyuzipepala zambiri zinkatamanda luso la asayansi. Iye analemba zotsutsa, kuti anthu afika pa nkhanza yoposa zonse. Anali mmodzi mwa ochepa kwambiri amene ananena zimenezo sabata imeneyo.

Sikuti nthawi zonse ankalondola. Nkhondo itangotha ankagwirizana ndi zoti omwe anathandiza adani alangidwe kolimba, ndipo anakangana ndi wolemba mnzake François Mauriac yemwe ankapempha chifundo. Patapita nthawi Camus anavomera pagulu kuti Mauriac ndiye ankanena zoona, ndipo kuchokera pamenepo analimbana ndi chilango cha imfa mosatopa. Buku lake la 1947, La Peste, lokamba za mliri mumzinda wa Oran ku Algeria, ndi lomwe linamupatsa mphoto ya Prix des Critiques.

Tsopano tifike povuta. Mu 1954 nkhondo yomenyera ufulu inayamba ku Algeria. Camus ankadana ndi nkhanza za atsamunda, koma sankafuna kuti Algeria achoke kwathunthu m'manja mwa France, poti mayi ake ndi abale ake ankakhala komweko. Analemba maganizo ake m'nyuzipepala ya L'Express, ndipo mu Januwale 1956 anapita ku Algiers kukapempha mbali zonse ziwiri kuti zisamaphe anthu wamba. Azungu anzake anasonkhana panja akukuwa kuti aphedwe. Atabwerako anasiya kulankhula pagulu za Algeria, ngakhale kuti mwakachetechete ankalembera akuluakulu a boma makalata opempha kuti Aaljeriya oweruzidwa kuti aphedwe akhululukidwe.

[Pa sikirini: Stockholm, 1957]

Mphoto ya Nobel inamupeza ali m'chete ameneyu. Anali ndi zaka 44, ndipo Rudyard Kipling yekha ndiye anailandira ali wamng'ono kuposa iye pa nkhani ya zolembalemba. Camus ananena kuti woyenera anali wolemba mnzake André Malraux, kenako analembera kalata aphunzitsi ake a Germain kuwathokoza. Koma ku Stockholm, komwe anapita kukalandira mphotoyo, wophunzira wina wa ku Algeria anamufunsa molimba mtima chifukwa chake wakhala chete. Camus anayankha kuti m'tisitima ta mumzinda wa Algiers mukuphulitsidwa mabomba, mayi ake akhoza kukhala m'menemo, ndipo ngati chimenecho n'chilungamo, iye asankha mayi ake. Mawu amenewa anamupweteketsa kwambiri. Ine ndikuona kuti wophunzira uja anali ndi ufulu wonse wofunsa, ndipo ndikuonanso kuti Camus sankanama za mantha ake. Mphoto sinamuchotsere mtolo umenewu, inangochititsa kuti dziko lonse limuyang'ane ataunyamula.

Ndalama za mphotoyo anagulira nyumba ku Lourmarin. Pa 4 Januwale 1960 anafa pa ngozi ya galimoto ku Villeblevin, ali ndi zaka 46, Algeria asanalandire ufulu wake mu 1962. Buku lomwe ankalemba, Le Premier Homme, linatulutsidwa ndi mwana wake Catherine mu 1994.

Nkhaniyi sinathere pamenepo. Owerenga a ku Algeria akhala akufunsa kuti n'chifukwa chiyani Mwarabu wophedwa mu L'Étranger alibe dzina. Mu 2013 mtolankhani wina wa ku Oran, Kamel Daoud, analemba buku loyankha, Meursault, contre-enquête, momwe mchimwene wa wophedwayo akufotokoza mbali yawo n'kumupatsa dzina lakuti Moussa. Bukulo linalandira Goncourt ya buku loyamba mu 2015, ndipo mu 2024 Daoud anatenga Goncourt yaikulu ndi buku lina, Houris, kukhala Mwaljeriya woyamba kuilandira. Za Daoud ndi za mmene mphoto ya Goncourt imasankhidwira tidzakambirana mu vidiyo yotsatira.