Cahora Bassa ndi mtsinje wotsekedwa

Abale anga amene mukundimvera, kaya muli ku Joni, ku Tete kapena kumudzi, lero ndikuyankhula mtima ukuwawa. Dzana usiku, kuno ku nyanja ya Cahora Bassa ku Mozambique, ukonde wathu wa kapenta unakodwa pamtengo wa pansi pa madzi n'kung'ambika, ndipo abwana eni boti alamula kuti tonse atidule malipiro, ngati kuti ndife tinadzala mtengowo.

Mtengowo unamera Apwitikizi asanatseke mtsinje wa Zambezi pafupi ndi tauni ya Songo. Khoma la damuli, lotalika mamita 171, analimanga pamene mtsinje umapanikizika pakati pa mapiri, ndipo madzi atayamba kudzaza mu 1974 anabwerera m'mbuyo makilomita oposa 200 mpaka kufika ku Zumbo, kumene Luangwa amathira mu Zambezi pamalire a Mozambique, Zambia ndi Zimbabwe. Pansi pamene timaponya maukonde panali nkhalango, minda ndi midzi ya anthu amene anasamutsidwa mokakamizidwa, ndipo mitengo yambiri idakaimabe m'madzimo. Abwana amadziwa zimenezi kuposa ife, koma pa nkhani ya meticais, ndalama za kuno, amaiwala msanga.

Achinyamata amene mukufuna kubwera kuno, mvetserani bwino. Musadzitame kuti munakulira m'mphepete mwa Nyanja ya Malawi, chifukwa inenso ndinakulira komweko, ndipo palibe Mnyungwe, mwini dera lino, amene angandipose popalasa bwato, koma madzi a kuno ali ndi khalidwe lawolawo. Kufupi ndi khoma nyanjayi ndi yopapatiza ndi yakuya kwambiri, pomwe cha ku Chicoa ndi ku Mágoè imatambasuka moti mphepo ikawomba mafunde amakula mwadzidzidzi. Kwathu mchenga wa pagombe umakhala pamene unausiya, koma kuno gombe limasuntha, pakuti kuchuluka kwa madzi kumadalira mvula ya kumtunda, madzi amene atulutsidwa ku damu la Kariba, ndiponso amene akutsegula zipata ku Songo. Chilala cha 2024 chitatsitsa madzi, zitsa zinatulukira pamalo amene tinkadutsa osaopa kanthu. Funsani eni dera musanaponye ukonde, lemekezani mvuu ndi ng'ona, ndipo mugwirizane ndi abwana za ukonde wong'ambika musanakwere boti lawo.

Kapenta amene timamuvutikirayu nayenso ndi mlendo. Anamutenga ku Nyanja ya Tanganyika kukamuika ku Kariba, kenako anatsika yekha ndi mtsinje mpaka kuno, ndipo palibe anamufunsa mapepala monga amatifunsira ife pamsewu. Amakoma ndithu, ngakhale kuti usipa wa kwathu sangaufike.

Chimene chimandiseketsa n'chakuti magetsi ambiri opangidwa pakhoma limeneli amayenda makilomita pafupifupi 1,400 kupita ku South Africa, pomwe ife pamsasa timatchaja mafoni pa batire ya boti. Inu a ku Joni, mukayatsa getsi usiku uno mutitumizireko ya mayunitsi.