Makalata anu pa nkhani ya Gareth Hughes

Sabata yatha ndinakamba za Gareth Hughes, mnyamata wa ku Llanelli ku Wales uja amene anatchuka m'mafilimu opanda mawu ku Hollywood, ndiye makalata abwera ambirimbiri, ena okwiya ndithu.

Bambo a ku Mzuzu mukufunsa ngati Wales ndi England yomweyo. Ayi bambo, ndi oyandikana chabe, ali ndi chilankhulo chawochawo, ndipo musakayerekeze kunena zimenezo pamaso pa munthu wa ku Wales.

Achemwali a ku Zomba mukufuna kuonera Sentimental Tommy ya 1921 ija. Pepani, filimuyo inatayika, monganso mafilimu ambiri a nthawi imeneyo.

Koma kalata imene yandikhudza ndi ya mnyamata wina wa ku Ndirande. Akuti, "Ankolo, munthu ameneyu anangolephera basi, ndalama zitatha ndiye anathawira kutchalitchi, musatinamize kuti anali woyera mtima." Eee mphwanga, pakamwa pako pakuthwa! Zoona, chuma chake chinapita mu 1929 msika wa masheya utagwa ku Wall Street, nthawi yomweyo mafilimu olankhula anali atalowa ndipo dzina lake linayamba kuzilala, pamenepo sindikutsutsa. Koma tawerengera zaka. Munthuyu anabadwa 1894, anapita ku America 1914, ndalama zitatha sanathamangire kuguwa, anabwerera kaye ku zisudzo za pasiteji, ku Nevada, ku America komweko, anapita 1944 ali ndi zaka pafupifupi 50, akutchedwa Brother David, kukakhala m'mishonale pakati pa anthu a mtundu wa Paiute ku Pyramid Lake, kuchipululu, mpaka cha m'ma 1958. Wongofuna pobisala angapirire zaka zonsezo kumalo kopanda kamera ngakhale wokuombera m'manja? Akutinso matenda a m'mapapo amene anamupha mu 1965 anawatengera ku fumbi la zovala zimene anthu ankapereka, iye n'kumazisankhula kuti agawire osowa. Kaunjika weniweni, koma wosagulitsa.

Ndipo si iwe wekha, makalata angapo akunena zomwezi, ndiye ndikalipeko pang'ono. Chizolowezi chimenechi chomati munthu akatsika pa siteji ndiye kuti watha chikundinyansa. Woyimba akasiya kuyimba n'kuyamba kulima timati wagwa, mtsikana wa zisudzo akapezeka akuphunzitsa ana timamuseka pa WhatsApp, pomwe ali pamwamba tinkaonera ntchito yake pa memory card yokopera osalipira ndi tambala yomwe. Mphwanga, undilemberenso, koma uyambe wandiuza filimu yomaliza imene unagula ndi ndalama zako.

Agogo a ku Dedza akuti ndichepetse zolankhula ndiziika nyimbo. Ndamva agogo, nayi nyimbo yanu.