Wonyamulira anzake madzi

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye? Tithokoze Mulungu watidzutsanso.

M'mawa uno mtima wanga uli pa Yukiya Arashiro, katswiri wopalasa njinga wa ku Japan, wobadwira pachilumba cha Ishigaki mu 1984. Mu 2009, iye ndi mnzake Fumiyuki Beppu anakhala anthu oyamba a ku Japan kumaliza Tour de France, mpikisano wa masabata atatu wa makilomita oposa 3,000, wokwera ndi kutsika mapiri. Ena akwawo anayesapo kale koma anathera panjira. Kuyambira pamenepo dzina lake linamveka pakati pa okonda njinga kwawoko.

Koma chimene chandigwira mtima ndi ntchito imene wakhala akugwira zaka zambiri. Patimu pamakhala mmodzi amene onse akufuna apambane, enawo ndi omutumikira. Amatchedwa domestique, mawu a Chifalansa otanthauza wantchito wapakhomo. Dzuwa likaswa mtengo, wantchitoyu amabwerera ku galimoto ya timu kumbuyo, kutenga mabotolo a madzi, kuwalonga m'malaya mpaka msana kutukumuka, n'kupalasa thukuta lili kamukamu kukagawira anzake. Mphepo ikamawomba kumaso, iye amapita kutsogolo kuti mtsogoleri abisale kumsana kwake. Amene munapalasapo njinga molimbana ndi mwera mukudziwa mmene miyendo imalirira. Pofika pothera mpikisano mphamvu zake zatha, wokwera pansanja kukalandira maluwa ndi wina.

Mu February 2016 anagwa pampikisano ku Qatar nathyoka fupa la ntchafu. Pofika July anali atabwerera pa Tour de France, ndipo anamaliza.

Izi zandikumbutsa Eksodo 17. Yoswa akumenyana ndi Aamaleki ku Refidimu, Mose ali pamwamba pa phiri, manja m'mwamba. Manja atalema, Aroni ndi Huri anamuikira mwala kuti akhalepo, nagwiriziza manja ake, wina uku wina uku, mpaka dzuwa kulowa. Huri sanagwire lupanga tsiku limenelo. Nayenso mikono yake iyenera kuti inawawa. Koma Mulungu anaonetsetsa kuti dzina lake lalembedwa.

Ine ndivomereze, zimandipweteka ndikagwira ntchito mumpingo koma pothokoza n'kutchula ena. Ndiye ndimakumbukira mayi wina wakwathu amene amafika kukadali mdima Lamulungu, chitenje chomanga m'chiuno, kusesa tchalitchi ndi kutunga madzi a m'zidebe zosambira m'manja. Tikamalowa ife tavala bwino, iwo amakhala atakhala kale pabenchi yakumbuyo, fumbi lili mbuu m'mapazi, akuimba nafe.

Atate, limbitsani lero mikono ya mayi ameneyu, ya wodwazika matenda kuchipatala, ndi ya mwana wosamala makolo okalamba. Ndionetseni amene manja ake alema kuti ndikaime pambali pake. M'dzina la Yesu, Amen.